Mwana akapsa mtima m'kalasi: kuugwira mtima kumachita kuphunzitsidwa

M'kalasi ya sitandade 1 kapena 2 tsiku silitha popanda misozi. Wina amulanda pensulo ndipo walumpha kukamenya mnzake. Wina walakwitsa samu pa bolodi, anzake amuseka, iye wabwerera pamalo pake n'kung'amba kope. Winanso amangokhala duu kumbuyo, salemba, sayankhula, ndipo mukamufunsa amangoyang'ana pansi. Anthu tikaona zotere timafulumira kupereka mayina: uyu ndi wandewu, uyu ndi wamwano, uyo ndi waulesi. Koma kawirikawiri ana atatuwa vuto lawo ndi limodzi. Mtima wawadzadza ndi mkwiyo, manyazi kapena mantha, ndipo sakudziwa chochita nawo.

Ife amene tikukonzekera ntchito ya uphunzitsi, pamodzi ndi tonse amene timalera ana kunyumba kapena kuwaphunzitsa kumpingo, tiyenera kumvetsa mfundo iyi: kuugwira mtima ndi luso lofanana ndi kuwerenga kapena kuwerengera. Mwana sabadwa nalo. Amaliphunzira pang'onopang'ono, ndipo amaliphunzira kwa munthu wamkulu amene amakhala naye pafupi.

Kodi kuugwira mtima n'kutani?

Tikati mwana akutha kuugwira mtima, tikunena zinthu zitatu. Choyamba, amazindikira zimene zikumuchitikira mkati, kuti wakwiya kapena akuopa. Chachiwiri, ali ndi njira yodzikhazika mtima pansi. Chachitatu, amatha kusankha chochita m'malo mongotengeka. Mwana wotere amakwiyabe, amalirabe, chifukwa ndi munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti akalandidwa pensulo amatha kuima kaye n'kukauza aphunzitsi, kapena kuuza mnzakeyo kuti abweze, popanda kuponya chibakera.

Apa tisasokoneze kudekha ndi kukhala chete. Kalasi itha kuti zii chifukwa ana akuopa ndodo imene ili patebulo. Aphunzitsi akangotuluka, phokoso ndi ndewu zimabuka nthawi yomweyo. Izi zimasonyeza kuti chimene chimawaletsa anawo chinali kunja kwawo. Cholinga chathu n'chakuti chowaletsacho chilowe mkati mwawo, kuti chiziyenda nawo kulikonse.

Kufunika kwake

Mumzinda wa Dunedin ku New Zealand, akatswiri akhala akutsatira moyo wa ana 1,037 amene anabadwa m'zaka za 1972 ndi 1973. Mu 2011, Terrie Moffitt ndi anzake anafalitsa zimene anapeza anthuwa atakwanitsa zaka 32. Amene ankavutika kudziletsa ali aang'ono ndi amene ambiri mwa iwo anadzakhala ndi mavuto a thanzi, mavuto a zachuma, chizolowezi cha mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso milandu. Kusiyanaku kunkaonekabe ngakhale ataganizira za nzeru za mwana ndi chuma cha banja lake. Chopatsa chiyembekezo chinali chakuti ana amene kudziletsa kwawo kunakula pamene ankakula, zinthu zinawayenderako bwino.

Aphunzitsi ena amadandaula kuti silabasi ndi yaitali, nthawi yokamba za mumtima palibe. Koma m'chaka chomwecho cha 2011, Joseph Durlak ndi anzake ku America anaunika ndondomeko 213 za m'sukulu zophunzitsa ana kukhala bwino ndi anzawo ndi kudziletsa, zokhudza ophunzira oposa 270,000. Anapeza kuti kuwonjezera pa khalidwe, ana otere ankakhozanso bwino m'maphunziro awo. N'zosadabwitsa. Mwana amene mtima ukumugunda ndi mantha sangatsatire malamulo a kuchulukitsa nambala.

Zimene zimachitika m'thupi mwa mwana

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene tingakayerekeze ndi mlonda. Kakaona choopsa kamaliza belu, ndipo thupi limatulutsa timadzi ta adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika. Thupi limakonzekera kumenya, kuthawa kapena kuuma pamalo amodzi. Mlondayu sasiyanitsa kwenikweni galu wolusa ndi kusekedwa pagulu. Zonse amaziona ngati ngozi. Ndiye chifukwa chake mwana wina amamenya, wina amathawira kunja, wina amangouma osayankhula.

Chakutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, kuli gawo lotchedwa prefrontal cortex. Ili ndilo limathandiza munthu kuima kaye, kuganizira zotsatira ndi kusankha. Gawoli limakhwima mochedwa kwambiri, ndipo limapitiriza kukula mpaka munthu atafika zaka za m'ma 20. Mwana wa zaka 6, amene wangoyamba sitandade 1, mlonda wake ndi wamphamvu kale pamene mabuleki ake akadali anthete.

Palinso china: pamene belu la ngozi likulira, gawo loganiza lija siligwira bwino ntchito. Choncho kulangiza mwana amene akulira mofuula kapena akunjenjemera ndi mkwiyo kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wovundikira. Mawu athu abwinowo amangotayikira pansi. Dongosolo loyenera ndi ili: thupi likhazikike kaye, kukambirana kubwere pambuyo.

Mwana amabwereka bata la munthu wamkulu

Khanda silidzitonthoza lokha. Mayi amalibereka kumsana, kuligwedeza, kuliimbira, ndipo limatonthola. Zikachitika kambirimbiri, mwana amayamba kudzichitira yekha zina mwa izi. M'zaka za m'ma 1970, Edward Tronick ku America anasonyeza mmene makanda amadalira nkhope ya munthu wamkulu. Anapempha amayi kuti asewere ndi makanda awo, kenaka aumitse nkhope kwa kanthawi kochepa osamwetulira kapena kuyankha. Makandawo ankayesa njira zonse kuti mayi awayankhe, ndipo zikalephereka ankayang'ana kumbali n'kuyamba kulira.

Mwana wa pulayimale wakula ndithu, komabe amawerenga nkhope ndi mawu a aphunzitsi ake kuti adziwe ngati zinthu zili bwino. Tikakweza mawu, belu lake limalira kwambiri. Tikatsitsa mawu, thupi lake limayamba kutsatira lathu. Choncho mwana akaphulika m'kalasi, pali zinthu zingapo zoti tichite motsatana.

Tiyambe tadzigwira tokha: tipume kamodzi kapena kawiri tisanayankhule. Ngati pali ndewu, tilekanitse anawo kuti wina asavulale. Kenaka tifike pafupi ndi mwanayo m'malo momukalipira tili kutsogolo, tiwerame kapena kunjuta kuti maso athu afanane msinkhu ndi ake, ndipo tiyankhule mawu ochepa, motsitsa: "Ndaona kuti wapsa mtima. Kumenya ayi. Bwera ukhale apa kaye." Tisamufunse mafunso ambiri nthawi imeneyi, ndipo tisamukakamize kupepesa akadali wotentha, chifukwa "pepani" wotuluka ndi mano olumana saphunzitsa kanthu. Anzake tiwapatse ntchito kuti asamuunjirire maso.

Mtima ukatsika, mwina patapita mphindi 10 kapena pa nthawi ya buleki, ndi pamene phunziro limayamba. Timufunse chinachitika n'chiyani, anamva bwanji, ndipo ulendo wina angadzachite chiyani. Pomaliza akonze chimene anawononga. Wong'amba kope la mnzake alimate, wotaya zinthu azitole, womenya apepese. Kumvetsa mkwiyo wa mwana sikuchotsa malire. Uthenga wathu kwa iye ndi wakuti kukwiya n'kololedwa koma kumenya n'koletsedwa.

Kupatsa dzina zimene akumva

Mu 2007, Matthew Lieberman ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Los Angeles anaonetsa anthu zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha uku akuunika ubongo wawo ndi makina. Anthuwo akatchula dzina la zimene nkhopeyo ikusonyeza, mlonda uja, amygdala, ankatsika mphamvu, ndipo mbali ina ya gawo loganiza inkagwira ntchito kwambiri. Kafukufukuyu anachitika pa anthu akuluakulu, koma akugwirizana ndi zimene olera ana amaona: mwana amene ali ndi mawu onenera vuto lake safulumira kugwiritsa ntchito zibakera.

Chinenero chathu n'cholemera pa nkhani imeneyi. Pali kukwiya, kukhumudwa, kuwawidwa mtima, kuchita manyazi, kuchita nsanje, kuda nkhawa, kusungulumwa, kunyansidwa, kutopa. Ana ambiri aang'ono amadziwa awiri kapena atatu okha mwa mawu amenewa. Mwana amene wasekedwa n'kung'amba kope angaoneke ngati wakwiya, pamene chenicheni ndi manyazi. Tikamuuza kuti, "Zikuoneka kuti unachita manyazi anzako atakuseka," timamupatsa chida chimene adzachigwiritse ntchito moyo wake wonse.

Nthawi yabwino yophunzitsa mawuwa ndi pamene kalasi ili pabata. Nthano ndi njira yosavuta. Pokamba za Kalulu ndi Fisi, tiime pakati n'kufunsa kuti Fisi anamva bwanji atazindikira kuti wapusitsidwa, thupi lake linkatani, nanga akanachita chiyani. Tingajambule nkhope zinayi kapena zisanu pakona ya bolodi kuti ana aziloza imene ikufanana ndi mmene adzukira. Phunziro la Life Skills limapereka mpata wa zokambirana zotere, koma zingalowenso m'phunziro la Chichewa, m'nyimbo ndi m'masewero. Tisamalenso ndi mawu akuti "mwamuna salira". Mnyamata amene waletsedwa kulira amatsala ndi khomo limodzi lotulutsira zowawa, ndipo khomolo ndi ndewu.

Kusunga lonjezo

Ambiri anamvapo za kafukufuku wa Walter Mischel wa ku yunivesite ya Stanford, pamene mwana ankapatsidwa switi imodzi n'kuuzidwa kuti akadikira osadya alandira ziwiri. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti kudikirako kumangosonyeza mphamvu ya mwanayo payekha. Koma Celeste Kidd ndi anzake a ku yunivesite ya Rochester anawonjezerapo kanthu pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2013. Asanapereke switi, ankalonjeza ana kuti awabweretsera zojambulira zabwino. Kwa gulu lina anasunga lonjezolo, kwa gulu lina anabwera chimanjamanja. Itafika nthawi ya switi, ana amene lonjezo lawo linasungidwa anadikira pafupifupi mphindi 12, pamene enawo anadikira pafupifupi mphindi 3 zokha.

Phunziro lake ndi lalikulu. Mwana amadikira akakhulupirira kuti kudikira kuli ndi phindu. Amene wakulira pamalo pamene zolonjezedwa sizichitika, ndipo chakudya chikapezeka umayenera kudyeratu, sakulakwitsa masamu akamalimbirana choko kapena malo pamzere. Mphunzitsi amene wanena kuti "mukamaliza tiimba nyimbo", aimbitsedi. Amene wanena kuti "ndikumvera pa buleki", amumveredi mwanayo. Malamulo a m'kalasi akhale ochepa, atatu kapena anayi, opangidwa pamodzi ndi ana, ndipo azigwira ntchito chimodzimodzi Lolemba ndi Lachisanu, kwa mwana wa amfumu ndi kwa mwana wamasiye. Tsikunso likhale ndi dongosolo lodziwika, ndipo pakakhala kusintha tiwauziretu. Mwana akadziwa chimene chikubwera, mlonda wake amapumula.

Nanga kalasi ya ana 100?

Ambiri mwa kafukufuku amene tatchulayu anachitika m'maiko amene makalasi ake ndi aang'ono. Kwathu kuno, boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Mpaka lero, ngakhale cholinga cha unduna wa zamaphunziro ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, m'sukulu zambiri makalasi oyambirira amapitirira ana 100, ena atakhala pansi, ena pansi pa mtengo. Mphunzitsi sangathe kunjuta pafupi ndi mwana aliyense. N'chifukwa chake njira zothandiza kalasi yonse nthawi imodzi ndi zofunika kwambiri.

Yoyamba ndi kupuma. Kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumachepetsa kuthamanga kwa mtima. Ana aang'ono tingawauze kuti ayerekeze kuti agwira kapu ya phala lotentha: alinunkhize ndi mphuno, kenaka aliuzire pang'onopang'ono kuti lizizire. Kuchita izi katatu kapena kasanu sikutha ngakhale mphindi imodzi. Chinsinsi chake ndi kuziyeserera tsiku lililonse ana ali odekha, makamaka pochokera ku buleki, kuti tsiku la mkwiyo thupi lidzakumbukire lokha.

Yachiwiri ndi chizindikiro chimodzi chodziwika chokhazikitsira bata, monga kuwomba m'manja mwa kayimbidwe kena ana n'kuyankha, kapena kanyimbo kovomerezana. Aphunzitsi athu ambiri amachita kale zimenezi, ndipo zimapulumutsa mawu awo ndi mitima ya ana. Yachitatu ndi kuyendetsa thupi. Mwana wa zaka 6 kapena 7 sangakhale malo amodzi nthawi yaitali, choncho pakati pa maphunziro aimirire, adziwongole, adumphe pang'ono.

Yachinayi ndi malo opumulirako mtima: mkeka pakona ya kalasi kapena mpando pafupi ndi aphunzitsi. Malowa asakhale a chilango ngati kugwaditsa kutsogolo. Mwana azitha kupitako yekha akamva kuti mtima wayamba kutentha, n'kubwerera akakhala bwino.

Palinso sewero lotchedwa Good Behavior Game, limene linayesedwa koyamba ku Kansas ndi kufalitsidwa mu 1969. Kalasi imagawidwa m'matimu. Kwa nthawi yochepa, mwina mphindi 10 mkati mwa phunziro, timu imalembedwa chizindikiro wina mwa iwo akaphwanya lamulo, ndipo timu iliyonse imene sinapyole malire imapambana. Mphotho itha kukhala kuyamba kutuluka pa buleki kapena kusankha nyimbo. Mumzinda wa Baltimore, Sheppard Kellam ndi anzake anayesa seweroli m'makalasi oyambirira chapakati pa zaka za m'ma 1980 n'kutsatira anawo mpaka atakula. Anapeza kuti linachepetsa mavuto a mankhwala ozunguza bongo ndi khalidwe lachiwawa, makamaka kwa anyamata amene anali ovuta ali aang'ono. Seweroli silifuna ndalama. Limafuna choko, bolodi ndi mphunzitsi wachilungamo amene salola kuti timu izinyoza mnzawo amene waiphonyetsa.

Tisaiwalenso m'mimba. Mwana amene wabwera osadya, makamaka m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, sachedwa kupsa mtima kapena kuwodzera. Phala la kusukulu, monga limene bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka m'Malawi muno mu 2002, limathandiza khalidwe la ana kuposa ulaliki wautali. Tisanaweruze mwana, tidzifunse ngati wadya, ngati wagona mokwanira, ndiponso wayenda mtunda wotani.

Nanga ndodo?

Ena amati ife tinakula ndi chikwapu ndipo tinaongoka. N'zoona kuti ndodo imaletsa mwana nthawi yomweyo. Koma taona kale kuti imachita zimenezo poliza belu la mantha, limene limatseka gawo loganiza lija. Mwana amaphunzira kuopa kugwidwa, ndiponso amaona ndi maso ake kuti munthu wamkulu akakwiya amamenya. Mu 2016, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaunika kafukufuku wa zaka zambiri wokhudza ana oposa 160,000 amene makolo awo ankawamenya powalanga. Anapeza kuti kumenyaku kumayendera limodzi ndi ukali wochuluka, kusamvera ndi mavuto a m'maganizo mwa ana. Unduna wa zamaphunziro m'dziko muno suloleza aphunzitsi kukwapula ophunzira. Kunyoza mwana pagulu, kumutchula chitsiru kapena kuuza anzake kuti amuwowoze kumapwetekanso, ngakhale sikusiya chipsera pakhungu.

Pamene vuto lapitirira kalasi

Ana ena amanyamula katundu wolemera kuposa msinkhu wawo. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atakantha maboma a kummwera monga Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, anthu mazanamazana anafa, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Ana amene anaona zimenezo anabwerera m'makalasi omwewo. Mwana wotere atha kunjenjemera mvula ikangoyamba kugunda malata. Enanso aferedwa makolo, ena amaona nkhanza kunyumba kapena kuchitiridwa nkhanzazo.

Zizindikiro zoti tikhale nazo tcheru ndi kusintha kwadzidzidzi kwa khalidwe, kudzipatula kwa masabata angapo, kujomba pafupipafupi, mabala osadziwika chiyambi chake, kudzikodzera kwa mwana amene anasiya kale, kapena kuyankhula zofuna kudzipweteka. Zikatere, mphunzitsi asasenze yekha. Auze mphunzitsi wamkulu, akambirane ndi makolo kapena omulera mwaulemu ndi mwachinsinsi, ndipo agwiritse ntchito gulu la amayi a pasukulu, achipatala kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'bomalo. Ngati pali nkhanza, kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, komanso pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Palinso ana amene kuvutika kwawo kumachokera ku vuto la kumva, kuona kapena kaphunziridwe, ndipo amafunika kuunikidwa ndi odziwa za maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera.

Mphunzitsi nayenso ndi munthu

Zonsezi zikutsamira pa munthu mmodzi amene waima kutsogolo, amenenso ali ndi mlonda wakewake mu ubongo. Mphunzitsi wotopa, wodera nkhawa za ndalama ya nyumba, amene ali ndi makope 100 oti achonge, sangapereke mosavuta bata limene iye alibe. Choncho kugona mokwanira, kudya, kupumula ndi kukhala ndi mnzathu womukhuthulira zakukhosi ndi mbali ya ntchito yathu. Ndi bwinonso kuti ana azitiona tikuchita zimene timawaphunzitsa. Mphunzitsi akanena mokweza kuti, "Phokosoli landikwiyitsa, ndipuma kaye katatu ndisanayankhule," ana 100 amaonera phunziro limene silili m'buku lililonse la silabasi.

Zotsatira zake sizioneka sabata imodzi. Mwana amene ankamenya tsiku lililonse akayamba kumenya kamodzi pa sabata, kumeneko n'kupita patsogolo, ndipo tizimuuza kuti taona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene tikupita kukaphunzitsa m'sukulu chaka chino tingayambe ndi zinthu ziwiri zokha: mphindi imodzi ya kupuma pochokera ku buleki, ndi kusunga lonjezo lililonse limene tapereka kwa ana.